Mtedza Wathunthu pa Mbale ya Amayi

Kunyumba ankamutchula kuti Dikishonale. Dzinali anamupatsa ndi achimwene ake chaka chimene anakhoza Chingerezi kuposa aliyense pasukulu pawo, ndipo linamukakamira mpaka ana a aneba ankayesa ndi dzina la ubatizo. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti Chingerezi chake chonse chinali cha m'maso ndi cha cholembera. Kalata ankailemba yopanda cholakwa n'chimodzi chomwe, koma akati atsegule pakamwa pamaso pa munthu wachilendo, lilime linkauma gwa ngati thabwa.

Tsono khadi litabwera loitana anthu awiri okha a pabanja kuti akaonerere achimwenewo akulandira digiri kudziko lakutali kumene ankaphunzira, bambo, amene bondo linkawavuta, sanachedwe kugamula.

"Apite mayi ako ndi iwe, Dikishonale. Ukakhale pakamwa pawo."

Sabata yonse ulendo usanafike, mtsikanayu ankakhala pakona pa makina osokera a amayi ake n'kumakopera m'kope ziganizo zochokera pafoni. Analemba mmene munthu amapemphera tebulo, mmene amaitanitsira madzi, mmene amafunsira kumene kuli chimbudzi. Funso lililonse analilemba ndi yankho lake pansi pake. Patsamba lomaliza analemba chiganizo chimodzi chokha ndi cholembera chofiira, n'kuchidula mizere iwiri: No groundnuts, please.

Amayi ndi mtedza zinali zosayang'anana. Ulendo womaliza, pa ukwati wa msuweni, anangolawa kakeke kamene munali mtedza wosinja. Milomo inatupa, zikope zinatsekeka, mpweya unkatuluka moimba mluzu, ndipo anagona m'chipatala masiku awiri. Mawu a mtedza m'Chingerezi Dikishonale sankawakayikira. Anawaphunzira m'phunziro la zaulimi, anawajambula ndi mizu yake yomwe, ndipo pamayeso anawakhoza.

Tsiku la mwambo, cha m'ma 12 koloko masana, achimwene anawaimika pakhomo la lesitilanti ina pafupi ndi koleji. Anali ndi thukuta pamphuno, tayi itapendekeka.

"Mwambo ukuyamba 2 koloko," anatero. "Zitseko za holo akatseka atseka, wochedwa amaonerera khoma. Mudye pano, mukamaliza mungotsatira anthu ovala mikanjo."

"Iwe sudya nafe?" anafunsa amayi.

"Ndikatenge mkanjo wanga, Amayi, kenako atiika pamzere. Foni ndizimitsa. Koma mukudandaula chiyani? Muli ndi Dikishonale yonse, kuyambira A mpaka Z."

Anamugunda mlongo wawo paphewa n'kuthamanga. Dikishonale anafuna kuwaitana, koma anali atakhota kale pakona.

Amayi anali atamwa mankhwala a bipi m'mimba muli pululu. Chichokereni kunyumba ankangodya buledi ndi tiyi poopa zosadziwika, ndipo tsopano njala inali itawagwira. Anavala diresi yobiriwira imene anasoka okha milungu itatu, mabatani ake okutidwa ndi nsalu yomweyo.

Mkatimo munali mdima pang'ono ngakhale kunja kunali dzuwa. Nyale zinkalendewera pafupi ndi mitu ya anthu. Tebulo lililonse linali ndi mafoloko awiri, mipeni iwiri ndi kaduwa kamodzi m'botolo. Kunatulukira mtsikana woperekera zakudya, ndolo ili pamphuno, pensulo atasomeka m'tsitsi. Anamwetulira n'kulankhula.

M'kope muja funso la pakhomo linali la mawu anayi. La mtsikanayu linali la mawu ngati makumi atatu, olumikizana ngati msoko wa makina, osaoneka poyambira kapena pothera. Dikishonale anangokweza zala ziwiri. Zinagwira ntchito. Mtsikanayo anawakhazika pafupi ndi zenera.

Woperekera uja anabweranso atanyamula matambula awiri, nafunsa kanthu kena. Mwa zonsezo Dikishonale anatolapo liwu limodzi lokha: "Still?"

"Akuti chiyani?" ananong'ona amayi.

"Ngati akufunsa kuti tikadali pompano."

"Nanga akutiona tapita kuti?"

Mtsikanayo anabwereza, nawonjeza liwu lachiwiri, "sparkling." Limeneli Dikishonale ankalidziwa, limanena chinthu chonyezimira. Anaganiza kuti madzi onyezimira ndiye oyera, otsukidwa bwino, oyenera munthu wamkulu. Analitchula motsitsa mawu. Madzi atabwera, amayi anamwa kamodzi n'kutsinzina.

"Madziwa akuluma," anatero. "Ngati chakumwa cha m'botolo chimene aiwala kuthira shuga."

"Mwina ndi mmene amakhalira kuno."

"Ndiye anthu ake amasamba bwanji?"

Menyu inali yaitali, yopanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Mawu ambiri sanali a Chingerezi chimene iye anaphunzira. Anayendetsa chala mzere ndi mzere mpaka anapeza nkhope zodziwika: nkhuku, mpunga, msuzi. Kutsogolo kwa liwu la msuzi kunali liwu lina, peanut. Anachita zimene aphunzitsi ankanena, zoti liwu likakuvuta ulidule pakati. Pea ndi nsawawa. Chidutswa chinacho mwina anachiikapo chifukwa nsawawa n'zobulungira. Mtima unakhala pansi.

"Pali nkhuku ndi mpunga, msuzi wake wa nsawawa."

"Nsawawa zilipo kuno? Itanitsa zimenezo, tonse awiri."

Woperekera atabwera, Dikishonale analoza pamenyu, nakwezanso zala ziwiri. Kenako anatsegula tsamba lomaliza pansi pa tebulo, anapuma, nawerenga chiganizo chofiira chija. Chinatuluka bwinobwino, mpaka iye mwini anadabwa.

Pensulo ya mtsikanayo inaima. Anabwereza liwulo, koma analidula pawiri, n'kusiya mpata pakati: "Ground... nuts?" Analoza pamenyu pomwe paja, nalankhula zambiri, uku akupukusa chibakera m'chikhatho cha dzanja linalo. Pomaliza anapendeketsa mutu nafunsa liwu limodzi lomveka ngati "holo."

Dikishonale anayang'ana pazenera. Panja pankadutsa anyamata ndi atsikana ovala mikanjo yakuda, makolo awo akuwatsata. Anayang'ana diresi ya amayi. Zinamveka.

"Yes," anatero. "Hall. Two o'clock."

Mtsikanayo anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana Dikishonale, anakweza mapewa, nalemba.

"Tsopano wati chiyani?"

"Amafunsa ngati tikupita ku holo."

"Waona diresi ameneyo," anatero amayi akusalaza kolala. "Ali ndi maso. Nanga chibakera chija?"

"Sindikudziwa, Amayi. Mwina amati tifulumire."

Anadikira. Patebulo loyandikana nalo bambo wina ankadula nyama imene mkati mwake munali mofiira, madzi ake akuyenderera m'mbale. Amayi anayang'ana kamodzi n'kutembenukira kuzenera.

"Anthu a kuno amadya ng'ombe isanamalize kufa," ananong'ona.

Mbale zinafika nthawi itatsala pang'ono kukwana 1 koloko. Mpunga unali woyera, woumbidwa ngati kapu yovundikira. Nkhuku inali yodulidwa bwino, yonyezimira mafuta. Ndipo pamwamba pa nkhukuyo, mowolowa manja, panali mulu wa mtedza wokazinga, wathunthu, wina ukadali ndi khungu lake lofiira.

Amayi anawerama n'kuuyang'anitsitsa.

"Nsawawa za kuno," anatero amayi pang'onopang'ono, "zikufanana kwambiri ndi mdani wanga."

Dikishonale anatsegula kope. Chiganizo chinali momwemo. Anawerenga chilembo ndi chilembo kuti mwina analakwitsa sipelo. Sanalakwitse. Anati ayi mtedza, ndipo abweretsa mtedza wochuluka kuposa umene anauonapo m'mbale imodzi. Kapena kuno "ayi" amatanthauza "onjezerani"? Kapena mtsikanayo anakwiya ndi nkhani ya madzi ija? Anayesa foni ya achimwene. Inali yozimitsa. Mapiritsi a kutupa anakumbuka kumene ali: m'thumba lam'mbali la sutikesi, kuchipinda cha achimwene, ulendo wa mabasi awiri.

"Unawauza chiyani kwenikweni, mwanawe?"

"Ndinawauza zoona, Amayi."

"Basi, usavutike. Ndingotola n'kuika pambali. Tisayambe milandu m'dziko la eni, tingachititse manyazi achimwene ako."

Anatenga foloko n'kuyamba kukankhira mtedza m'mphepete mwa mbale, umodziumodzi. Dikishonale ankaona timakungu tofiira titamatirira pankhuku, tina titagwera mumpunga, mafuta akuyenda kuchokera pamulu uja kutsikira pansi. Anaona holo, zitseko zotseka, achimwene akuyang'ana mipando iwiri yopanda anthu. Amayi anatapa mpunga wa m'mbali ndi supuni.

Chibadwire Dikishonale anali asanalandepo amayi ake kanthu m'manja. Anagwira mbaleyo ndi manja awiri n'kuikoka.

"Iwe, wayamba misala?"

"Musadye, Amayi. Ikani supuniyo pansi."

Mwina chinali chifukwa cha mawu akewo, amene sanamveke ngati ake. Amayi anaika supuni pansi.

Kuchokera patebulo kukafika pakauntala panali masitepe osapitirira khumi ndi awiri. Kope anali atalisiya pampando. Woperekera uja ankapukuta matambula. Dikishonale anaika mbale pakauntala nanenanso chiganizo chake, ulendo uno osawerenga.

Mtsikanayo anaoneka wodabwa zenizeni. Anatola mtedza umodzi, naukweza m'mwamba pakati pa zala ziwiri, nautembenuza uku ndi uku ngati wogulitsa mphete. "Not ground," anatero. Anapukusanso chibakera m'chikhatho n'kupukusa mutu. Kenako analozanso mtedzawo: "Whole."

"Groundnut," anatero Dikishonale akuloza.

"Peanut," anatero mtsikanayo akuloza womwewo.

Anthu awiri, zala ziwiri, mtedza umodzi. Dikishonale anamva pansi pakusuntha. Peanut. Liwu la pamenyu lija, limene analidula pakati n'kupezamo nsawawa. Ndiye kuti mtedzawo anauitanitsa yekha, ndi chala chake. Nanga ground? Kwa iye ground inali nthaka, kumene mtedza umabereka. Koma chibakera chija chinamukumbutsa mndandanda wa aneni umene ankauloweza poyenda kupita kusukulu, ndipo mmenemo munali ground wina, wa kusinja. Mtsikanayu anamva kuti sakufuna mtedza wosinja. Ndipo holo uja sanali holo. Linali liwu lija loyamba ndi chilembo chosatchulidwa, lotanthauza chathunthu. Anamufunsa kuti, mukufuna wathunthu? Iye n'kuvomera, n'kuwonjezera ndi nthawi yomwe.

Zonsezi zinamufika nthawi imodzi, zopiringizana ngati ulusi wa m'bobini, ndipo sizinamuthandize kupeza chonena. Panali liwu limodzi limene linkafunika, la matenda a thupi kukana chakudya. Ankaliona m'mutu mwake ndi zilembo zake zonse zisanu ndi ziwiri. Koma linali ndi l ndi r moyandikana, zilembo zimene pakamwa pake zinkasinthana malo ngati mapasa.

"Ala... araji," anatero. "Aranji."

"Orange?" anafunsa mtsikanayo, dzanja likupita kale ku jagi ya madzi a malalanje.

Dikishonale anayang'ana wotchi. Inali itadutsa 1 koloko. Anatembenuka naloza amayi ake, amene anakhala chowongoka pafupi ndi zenera atafumbata chikwama. Anatola mtedza nayerekeza kuuponya m'kamwa. Kenako anafufumitsa masaya mpaka anamva kuwawa, anatulutsa milomo panja, anakoka zikope ndi zala kuti maso atsekeke, anadzigwira pakhosi ndi manja awiri, natulutsa kamluzu kaja kamene anakamva usana wonse m'chipatala muja ndipo sanakaiwale.

Mafoloko anasiya kulira m'lesitilanti monse. Kamwana kena kanaseka, mayi ake n'kukatseka pakamwa. Dikishonale atatsegula maso anapeza nkhope ya woperekera uja itasintha. Asanaganize, anatambasula dzanja, anasolola pensulo m'tsitsi la mtsikanayo, nalemba liwu lija pakapepala ka maoda, zilembo zazikulu, sipelo yake yosaphonya.

Mtsikanayo anawerenga, anagwira pachifuwa, nathamangira kukhitchini. Anatuluka ndi bambo wonenepa wa chipewa choyera, thaulo lili paphewa. Wophikayo ankalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, ngati naye Chingerezicho anachita kuchiphunzira atakula. Kwa nthawi yoyamba chifikireni Dikishonale anamva chiganizo chonse.

Anafunsa ngati amayi adyako. Iye anati ayi. Wophikayo anapuma mwamphamvu. Anafotokoza, manja akuthandizira, kuti masiku onse mtedzawo amausinja n'kuusungunula mumsuzi, moti munthu sangauone. Lero anauika wathunthu chifukwa oda inatero. Dikishonale anayesa kuisanthula nkhaniyi m'mutu. Akanangoitanitsa mbaleyo n'kuiwala chiganizo chofiira, amayi akanadya mtedzawo osauona. Analankhula molakwika kawiri, ndipo kulakwitsa kwachiwiri kunaulula koyamba. Sanadziwe ngati ayenera kuchita manyazi kapena kuthokoza.

Wophikayo anati nkhuku aiiwale, chifukwa ndi mafuta ake omwe ndi a mtedza. Awaotchera nyama ya ng'ombe pachiwaya chotsuka, mpunga watsopano, mchere basi. Mphindi khumi ndi zisanu. Anatembenuka kuti azipita, kenako anabwerera, namuyang'ana m'maso.

"Well done?" anatero.

Mawu amenewo Dikishonale ankawadziwa kuposa ena onse. Anali mawu a cholembera chofiira, amene aphunzitsi a Chingerezi ankalemba pansi pa chimangirizo chake, osawalembera wina aliyense m'kalasi. Makutu anatentha. Anayang'ana pansi.

"Thank you," anatero.

Wophikayo anadikira pang'ono, nabwereza funsolo.

"Thank you very much, sir."

Bamboyo anayang'ana woperekera uja, onse awiri anamwetulira, ndipo anagwedeza mutu nalowa kukhitchini.

Mtsikana wa ndolo anachotsa mbale inayo, anasintha mafoloko onse ndi supuni ija, napukuta tebulo kawiri. Amayi anadikira kuti achoke.

"Bambo wa chipewayo amati chiyani?"

"Akuti ndachita bwino."

"Wachita bwino kuonetsa dziko lonse nkhope ya mayi ako?" Amayi anadzigwira masaya. "Kodi ndimatupa choncho?"

"Kuposa pamenepo, Amayi."

"Ndi milomo yomwe?"

"Makamaka milomoyo."

Amayi anabisa pakamwa ndi kansalu ka patebulo, mapewa akugwedezeka.

Nyama inabwera yoderako, yolimba m'mbali, yopanda kadontho kofiira. Amayi anaidula pakati n'kusuzumira mkati ngati akuyang'ana msoko wa telala mnzawo.

"Iyi ndiye yafa," anatero, nayamba kudya.

Dikishonale ankatafuna osamva kukoma. Maso ake anali pamilomo ya amayi. Anaiyang'ana akudya, anaiyang'ana akupukuta, anaiyang'anabe akutsatira mikanjo mumsewu, mpaka amayi anati, "Ukandiyang'ananso nditupa ndi mkwiyo." Analowa mu holo bambo wa pakhomo atagwira kale chitseko chimodzi. Dzina la achimwene litatchulidwa, amayi anaimirira okha mumzere wonsewo, diresi yobiriwira ikuonekera patali pakati pa masuti akuda, naomba m'manja mpaka dzina lachitatu lotsatira.

Atajambulitsa panja, achimwene atavula chisoti n'kuwaveka amayi, anafunsa za chakudya. Amayi ndiwo anafotokoza, ndi masaya ofufuma omwe. Achimwene anaseka mpaka kukhala pansi pa masitepe. Dikishonale anangowonjezera chinthu chimodzi, motsitsa mawu, chakuti wophika anamuyamikira.

"Anati chiyani?"

Iye anabwereza mawuwo.

"Anafunsa nyama isanabwere?"

"Eya."

"Achemwali," anatero achimwene akupukuta misozi ndi mkono wa mkanjo, "amafunsa kuti nyamayo ipse bwanji. Ipse kwambiri, kapena ikhale yofiirira. Amafunsa aliyense."

"Koma anandiyang'ana m'maso."

"Nanga akanayang'ana ng'ombeyo?"

Ali m'basi, Dikishonale anatulutsa kope nalitsegula patsamba lomaliza. Anadula liwu la m'phunziro la zaulimi lija n'kulemba la kuno pamwamba pake. Pansi analemba whole, n'kuzunguliza chilembo choyambacho. Kenako analemba mawu awiri a wophika aja, naika kamzere kuti alembe tanthauzo. Basi inaima pamaloboti, inanyamuka, inaimanso. Bamboyo anamwetulira asanafunse kapena atafunsa? Sanathe kukumbuka. Pakamzerepo anasiya popanda kanthu.

Amayi, chisoti cha digiri chikadali kumutu, anasuzumira m'kopemo ngati akuwerenga.

"Mawa tikapitanso komwe kuja," anatero. "Bambo uja amadziwa kuotcha. Koma madzi oluma aja sindikuwafunanso."

"Osalumawo ndi aja amati still," anatero achimwene.

"Si aja amafunsa ngati tikadalipo?"

"Omwewo, Amayi," anatero Dikishonale.

"Basi. Akafunsa, uwauze kuti tikadalipo."